GamesMaster: Pulogalamu Imene Inatengera Magemu Pabwalo

Lachiwiri pa 7 Januwale 1992, nthawi ili 6:30 madzulo, wailesi ya kanema ya Channel 4 ku Britain inaulutsa pulogalamu yatsopano yojambulidwa m'tchalitchi chakale cha St Paul's, mumsewu wa Dock Street kum'mawa kwa mzinda wa London. M'tchalitchimo munadzaza ana ndi achinyamata, utsi wochita kupanga uli tolo, ndipo kutsogolo kunaima mnyamata wa ku Scotland wa zaka 22, dzina lake Dominik Diamond. Pasikirini panaoneka mutu waukulu wa nkhalamba, wokutidwa ndi zitsulo ngati wa loboti, diso limodzi lili ndi galasi. Mutuwo unalamula mnyamata wina kuti atole makobidi mu gemu ya Super Mario Bros. 3 nthawi isanathe. Iye anayamba kusewera, anzake akukuwa, munthu wina ali pambali kufotokoza zochitikazo ngati woulutsa mpira. Umu ndi mmene inayambira GamesMaster, pulogalamu yoyamba pa kanema wa ku Britain imene nkhani yake yonse inali magemu a pakompyuta ndi a pavidiyo. Inakhala pamlengalenga mpaka pa 3 Febuluwale 1998, masizoni 7, magawo 126.

Lero zingaoneke ngati nzeru yapafupi, koma mu 1991 sizinali choncho. Magemu anali kale m'nyumba zambiri za ku Britain. Ana a m'zaka za m'ma 1980 anakula ndi makompyuta aang'ono monga ZX Spectrum ndi Commodore 64, kenaka kunabwera Amiga. Makina a Sega Mega Drive anafika m'masitolo mu 1990, Sonic the Hedgehog anatuluka mu 1991, ndipo Super Nintendo inali m'njira, yoti ifike mu 1992. Ndalama zinkayenda, koma akuluakulu a mawailesi a kanema ankaona magemu ngati zidole za ana, chinthu chochitira kuchipinda chitseko chili chotseka. Funso lawo linali limodzi: ndani angakhale pansi kumaonera munthu wina akusewera, iye m'manja mulibe kanthu?

Amene anayankha funsoli sanali katswiri wa magemu. Mayi Jane Hewland anali mtolankhani wa pakanema amene anagwira ntchito zaka zambiri ku London Weekend Television, m'mapulogalamu a nkhani zikuluzikulu za m'dziko. Mu 1987, pamodzi ndi Mayi Janet Street-Porter, anayambitsa Network 7, pulogalamu ya achinyamata ya pa Channel 4 imene inasintha kajambulidwe ka mapulogalamu a mtundu umenewo. Pambuyo pake anatsegula kampani yawoyawo, Hewland International. Maganizo a GamesMaster anawadzera kunyumba, poona mwana wawo wamwamuna akusewera magemu. Chimene chinawagwira mtima si zithunzi za pasikirini ayi, koma nkhope ya wosewerayo ndi ya omuonerera: mantha, mkwiyo, chimwemwe, zonse zikusinthana m'kamphindi. Mtolankhani wa pakanema amadziwa kuti pamene pali nkhope zotero pali pulogalamu.

Kuti timvetse chifukwa chake inathera ku Channel 4, tiyenera kudziwa mmene wailesiyo inakhazikitsidwira. Channel 4 inayamba kuulutsa mu Novembala 1982. Ndi ya boma, koma imadzipezera ndalama kudzera m'malonda otsatsa, ndipo panthawiyo sinkapanga yokha mapulogalamu ake: inkagula kapena kuitanitsa kwa makampani oima paokha. Lamulo loikhazikitsa linaipatsanso udindo wosamalira oonera amene mawailesi ena ankawanyalanyaza. Kampani yaing'ono ngati ya Mayi Hewland inali ndi khomo lolowera pamenepo. Chodabwitsa n'chakuti khomo limene linatseguka silinali la nthambi ya ana kapena ya zisangalalo. Inali nthambi ya masewera.

Apa ndi pamene pagona mbiri yonse ya pulogalamuyi, ndipo ambiri okumbukira amangopadumpha pothamangira nkhani za nthabwala za Diamond. Nthambi ya masewera ya Channel 4 inalibe ndalama zolimbirana mpira wa ku England ndi BBC kapena ITV, choncho inazolowera kufunafuna masewera achilendo n'kuwaphunzitsa kwa anthu. Ndi iyo inabweretsa mpira wa ku America m'nyumba za ku Britain kuyambira 1982, mpikisano wa njinga wa Tour de France, kugwetsana kwa sumo kwa ku Japan, kabaddi wa ku India, ndipo mu 1992 momwemo inayamba kuonetsa mpira wa ligi ya ku Italy. Kwa anthu amene anagulitsapo sumo kwa Angerezi, Super Mario sanali chinthu choopsa. Ndipo popeza GamesMaster inabadwira m'nyumba imeneyi, inatenga maonekedwe a masewera: wopikisana, malamulo omveka, wotchi yowerenga masekondi, woulutsa wofotokoza, gulu lochemerera, ndi chikho pamapeto. Ikadabadwira ku nthambi ya ana, bwenzi ili pulogalamu ya amalume akumwetulira n'kumaonetsa zidole zatsopano. M'malo mwake mwana wa zaka 12 ankaitanidwa kutsogolo, kutchulidwa dzina ndi kwawo, n'kupatsidwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti apambane kapena achite manyazi dziko lonse likuona.

Aliyense amene anaimapo pambali pa bawo amadziwa kuti osewera ndi awiri koma masewerawo ndi a gulu lonse lozungulira: wina akuwerenga nkhomo mumtima, wina akuluma mano poona kuti mnzakeyo watakata molakwika, wina akulephera kuugwira mtima n'kuyamba kulangiza asanafunsidwe. Akuluakulu a kanema amene ankakayika aja anaiwala kuti ana ambiri ankathera nthawi yochuluka akudikira kuti mkulu wawo kapena mnzawo afe mu gemu kuti nawo agwireko. Kuonerera kunali kale theka la masewerawo.

Chikho chake chinali joystick yopakidwa utoto wagolide, yoikidwa m'kabokosi koonekera mkati. Mtengo wake unali wochepa, koma ana ankailakalaka koposa. (Ambiri amaisokoneza ndi mphoto za Golden Joystick Awards, zimene magazini ya Computer and Video Games inayambitsa mu 1983. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mphotozo ndi zimene zinayamba.)

Mutu waukulu uja unali wa a Patrick Moore, katswiri wa zakuthambo, wobadwa mu 1923. Kuyambira mu 1957 iwo ankatsogolera The Sky at Night pa BBC, pulogalamu yofotokoza za mwezi ndi nyenyezi, ndipo anapitiriza mpaka imfa yawo mu Disembala 2012. Panalibe munthu ku Britain wosawadziwa: galasi la diso limodzi, nsidze zanyankhalala, kulankhula kothamanga ngati akuthawa mvula, ndi luso loimba mangolongondo. Za magemu sankadziwa kanthu, ndipo sankabisa. Mbali zawo zonse za sizoni ankazijambula padera m'masiku ochepa, atakhala pampando n'kumawerenga mawu olembedwa, ndipo akatswiri ankawonjezera chipewa chachitsulo ndi zina zonse pakompyuta pambuyo pake. Ana amene ankaoneka ngati akulankhula nawo sankakumana nawo n'komwe.

Kusankha iwo kunali kuchenjera kwakukulu. Kholo lolowa pabalaza n'kupeza ana akuonera magemu linkaonanso nkhope ya munthu wolemekezeka wa sayansi, ndipo mtima unkakhala pansi. Mwana naye ankaona nkhalamba yaukali imene inkatchula mayina a Zelda ndi Sonic mosaseka, ngati ndi nkhani za boma. Palibe wamkulu wina pakanema amene ankapatsa magemu ulemu wotero, ngakhale kuti ulemuwo unali wochita kuwerenga papepala. Udindo wa Sir anaulandira mu 2001, pulogalamuyi itatha kale, koma kwa mbadwo wonse wa anthu obadwa cha m'ma 1980 iwo anali GamesMaster poyamba, katswiri wa nyenyezi pambuyo.

Diamond anali wosiyana nawo pa chilichonse. Anachokera ku Arbroath, tauni ya asodzi kum'mawa kwa Scotland, anaphunzira zisudzo ku yunivesite ya Bristol, ndipo ankayesera ntchito ya nthabwala. Anali atayesa mwayi wotsogolera The Word, pulogalamu ina ya achinyamata ya pa Channel 4, n'kulephera, koma oyang'anira GamesMaster anamuona pamenepo. Chizindikiro chake chinali nthabwala za matanthauzo awiri. Pafupifupi chiganizo chilichonse chokhudza joystick chinali ndi tanthauzo lachiwiri la kuchipinda, lonenedwa ndi nkhope yosaseka, nthawi ya chakudya chamadzulo. Ana aang'ono sankamva kanthu, achinyamata ankafa ndi phwete, makolo ena ankalemba makalata odandaula. Zina mwa nthabwalazo zinali zanzeru, zambiri zinali zachibwana, koma zinachita ntchito imodzi yofunika: zinauza mnyamata wa zaka 15 kuti pulogalamuyi si ya tiana, choncho palibe manyazi kuionera.

Gawo lililonse la theka la ola linkakhala ndi mipikisano itatu, umodzi uli wa munthu wotchuka. M'gawo loyambirira munabwera John Fashanu, wosewera mpira wa timu ya Wimbledon. Pambuyo pake kunabwera anthu monga Vinnie Jones, wankhonya Frank Bruno, Jimmy White wa snooker, Eric Bristow wa darts, ndi magulu oimba a Take That ndi East 17. Kawirikawiri wotchukayo ankapatsidwa gemu ya masewera ake enieni n'kupikisana ndi mwana, ndipo kukoma kwake kunali kuona katswiri wadziko akupunthwa ndi kamwana ka sukulu pa ntchito yake yomwe. Pakati pa mipikisano pankakhala ndemanga za magemu atsopano, zoperekedwa ndi atolankhani a magazini a magemu, anyamata amene mayina awo ankadziwika papepala koma nkhope zawo zinali zisanaonekepo. Kenaka pankabwera Consoletation Zone, pamene ana ankafunsa a Moore mmene angadutsire malo ovuta mu gemu, iwo n'kuwapatsa chinsinsi, nthawi zina atayamba awanyoza kaye pang'ono chifukwa cha ulesi.

Owerenga amene anakula ndi foni m'manja ayenera kukumbutsidwa za njala imene mbali zimenezi zinkathetsa. Gemu imodzi ya Mega Drive kapena Super Nintendo inkagulidwa mapaundi 40 kapena kuposa, ndalama yoti mwana ankailandira pa Khirisimasi kapena pa tsiku lokumbukira kubadwa basi. Kugula yoipa kunali kulira miyezi ingapo. Magazini ankasindikiza zithunzi zoima, koma gemu ndi kuyenda kwake, liwiro lake, phokoso lake. Kunja kwa sitolo ndi nyumba ya mnzako wolemera, malo oonerapo gemu yatsopano ikuyenda anali ochepa kwambiri, ndipo GamesMaster inali patsogolo pa onse. Masekondi 30 a Street Fighter II kapena Mortal Kombat pa kanema ankakambidwa kusukulu sabata yonse. Chimodzimodzi zinsinsi zija: munthu akakanirira pamalo amodzi mu gemu, ankadikira magazini ya mwezi wamawa, kuimba foni yodula, kapena kukhala ndi pensulo pafupi a Moore akamalankhula. Makampani opanga magemu anazindikira msanga mphamvu imeneyi ndipo ankalimbirana kuti katundu wawo aoneke.

Sizoni yoyamba inali ya magawo 10 okha. Oonera atafika mamiliyoni, Channel 4 inaitanitsa magawo 26, ndipo sizoni yachiwiri inayamba chakumapeto kwa 1992 lomwelo. Apa panayamba mwambo wosintha malo chaka ndi chaka. Tchalitchi chinasiyidwa, nkhani n'kukhala yoti onse ali pa nsanja yokumbira mafuta pakati pa nyanja, imene yasandutsidwa malo a tchuthi, Diamond atavala jekete yofiira ya wosangalatsa alendo. M'miyezi yomweyo dzina la GamesMaster linatuluka m'kanema n'kukhala malonda paokha. Mu Disembala 1992 kunachitika chionetsero cha GamesMaster Live ku holo ya NEC ku Birmingham, ndipo kampani ya Future Publishing ya ku Bath inatulutsa magazini ya GamesMaster, kope loyamba lili ndi deti la Januwale 1993, mkonzi wake Jim Douglas. Ena nawo anathamangira msika womwewo. ITV inayambitsa Bad Influence! mu 1992, yotsogoleredwa ndi Andy Crane ndi Violet Berlin, yofatsa komanso yolunjika kwa ana. Hewland International yomwe inapangira wailesi ya Sky One pulogalamu ya Games World kuyambira 1993, youlutsidwa masiku a mkati mwa sabata.

Kenaka panabuka mkangano umene unatsala pang'ono kuigwetsa. Pokonzekera sizoni yachitatu ya 1993, kampani yogulitsa zakudya ya McDonald's inalowa ngati wothandiza ndi ndalama. Diamond sanagwirizane nazo ndipo anachoka. Opanga pulogalamu anamupha m'nkhani yawo: nsanja ya mafuta ija inali itaphulika kumapeto kwa sizoni yachiwiri, ndipo wolowa m'malo mwake anaonetsa jekete yofiira yopserera ngati umboni wa imfa. Wolowayo anali Dexter Fletcher, mnyamata wa ku London wodziwika ndi filimu ya Bugsy Malone ya 1976 ndi sewero la pakanema la Press Gang. Anajambulira m'ndende yakale ya ku Oxford, ndipo theka lachiwiri la sizoni linasanduka mpikisano wa matimu.

Okonda pulogalamuyi akhala akumunyoza Fletcher kwa zaka zambiri, kunena kuti ankangokuwa. N'zoona ankakuwa, koma mlanduwo si wake yekha. Anali katswiri wa zisudzo wolembedwa ntchito yochemerera, ndipo anachita zimene anauzidwa. Vuto linali lakuti pulogalamu ya mutu wa loboti ndi joystick yagolide inkafunika munthu woima pakati amene akuoneka kuti akudziwa kupusa kwa zonsezo koma akuzikondabe. Diamond ankatha kuseka pulogalamu yake yomwe osainyoza. Popanda zimenezo panatsala phokoso. Fletcher sanataye kanthu m'moyo: patapita zaka anakhala wotsogolera mafilimu, anapanga Eddie the Eagle mu 2016, anamalizitsa Bohemian Rhapsody ya 2018 wotsogolera woyamba atachotsedwa, ndipo mu 2019 anatulutsa Rocketman, ya moyo wa Elton John.

Diamond anabwerera mu 1994, tsopano ali ndi mawu aakulu pa kayendetsedwe ka zinthu. Popeza m'nkhani anali atafa, sizoni yachinayi inachitikira ku gehena, yachisanu kumwamba, yachisanu ndi chimodzi m'mzinda womira wa Atlantis pansi pa nyanja, ndipo yomaliza pachilumba chopanda anthu. Pulogalamu inakula pamodzi ndi oonera ake. Amene anali ndi zaka 12 mu 1992 anali akuyandikira 18, ndipo malonda a magemu nawo anali kusintha. Sega Saturn ndi Sony PlayStation zinafika ku Britain mu 1995, ndipo Sony inkatsatsa makina ake kwa anyamata ndi atsikana a m'malo ovinira usiku, osati kwa ana a pulayimale. GamesMaster inachotsa Consoletation Zone, inawonjezera maulendo a Diamond a kunja kokaona makampani ndi zionetsero, ndipo mipikisano ina inakhala yoonetsa ukatswiri weniweni. Panabwera katswiri wa Virtua Fighter wochokera ku Japan kuti alimbane ndi osewera 100 a ku Britain mmodzimmodzi. Zoterezi ndi zimene zikufanana kwambiri ndi mipikisano ya magemu ya masiku ano.

Pali mbali ina ya zaka zimenezi imene siikoma kuionera lero. Akazi ambiri ooneka pa pulogalamuyi anali okongoletsa malo: angelo kumwamba, akazi a mchira wa nsomba ku Atlantis, atsikana ovala mosakwanira pachilumba, ntchito yawo kubweretsa joystick ndi kumwetulira pa nthabwala za Diamond. Alendo achikazi otchuka nawo ankalandiridwa ndi mawu okopa. Unali mzimu wa magazini a anyamata a m'zaka zimenezo ku Britain, koma kunena kuti ndi mmene zinalili sikuchotsa zotsatira zake. Mtsikana wokonda magemu ankauzidwa mosapita m'mbali kuti bwaloli ndi la anyamata, pomwe ku ITV Violet Berlin ankaonetsa sabata ndi sabata kuti mkazi angathe kutsogolera pulogalamu ya magemu chifukwa chowadziwa. N'zodabwitsa kuti izi zinkachitika m'pulogalamu yoyambitsidwa ndi mayi.

Chochitika chimene anthu amachikumbukira koposa chinadza m'gawo la Khirisimasi la 1996. Dave Perry anali mmodzi wa oulutsa mipikisano kuyambira pachiyambi, mtolankhani wa magazini a magemu wodziwika ndi kansalu komanga kumutu ndi dzina lodzipatsa la Games Animal. (Si David Perry wa ku Northern Ireland amene anapanga gemu ya Earthworm Jim, ngakhale ambiri amawasokoneza.) Mbiri yake yonse inali yoti iye ndi katswiri woposa onse. M'gawo limenelo oulutsa anapikisana okhaokha, ndipo Perry anapatsidwa Super Mario 64, malo otsetsereka pa madzi oundana m'phiri la Cool, Cool Mountain. Gemuyo inali isanayambe kugulitsidwa ku Britain, chifukwa Nintendo 64 inafika kumeneko mu Malichi 1997. Patangopita masekondi ochepa Mario wake anagwera kuphompho. Kirk Ewing, mnzake wa Diamond wa ku Scotland, ndiye anapambana. Perry anaima manja atapinda, nkhope ili gwa, n'kunena pamaso pa makamera kuti amutchera msampha. Diamond anamuseka, ndipo zonse zinaulutsidwa osadulapo. Perry sanakhalitsenso pa pulogalamuyi.

Kwa zaka zoposa 20 mbali ziwirizi zakhala zikufotokoza tsikulo mosiyana, ndipo mlandu wake sitingauweruze pano. Chimene chikuoneka pa kanemayo n'chokwanira: munthu wamkulu, wodziwika, akupwetekedwa mtima zenizeni chifukwa cha gemu. Ngati panali wina wokayikabe kuti magemu angabale sewero la anthu enieni, lokhala ndi kunyada, nsanje ndi kugwa, yankho linali pamenepo. Kachidutswa kameneko kakuonedwabe pa YouTube ndi anthu amene mu 1996 anali asanabadwe.

Sizoni yomaliza, ya magawo 10, inapangidwa onse akudziwa kuti ndi yotsanzikira. Pulogalamuyi siinagwe chifukwa chosowa oonera. Inali itangofika pamphambano: nthabwala zake zinali za akuluakulu koma nthawi yake youlutsira inali ya banja lonse, ndipo oipanga anali atatopa. Channel 4 inayesa njira ina, mapulogalamu a usiku a ndemanga monga Bits kuyambira 1999 ndi Thumb Bandits mu 2001, koma sanakhalitse. Chachilendo n'chakuti magemu anapitiriza kukula mpaka kukhala amodzi mwa malonda aakulu a zisangalalo padziko, koma mawailesi aakulu a ku Britain sanawapatsenso malo a madzulo ngati amene GamesMaster inali nawo. Dara Ó Briain's Go 8 Bit, imene inayamba mu 2016 pa wailesi ya Dave, inabwezeretsa anthu otchuka opikisana pa magemu, koma pa wailesi yaing'ono.

Chimene chinasunga dzinali ndi magazini ija. Poyamba inkadalira pulogalamu, nkhope ya Diamond ili m'masamba ake, koma kanema atatseka iyo inapitirira payokha kwa zaka zina 20. Inadutsa m'nthawi ya PlayStation 2, Xbox, Wii mpaka PlayStation 4 ndi Nintendo Switch, ikulemba za makina onse mosakondera kampani imodzi, ndipo owerenga ake a m'zaka zomaliza ambiri sankadziwa n'komwe kuti dzinalo linachokera pa kanema. Future inaitseka chakumapeto kwa 2018, pamodzi ndi magazini inzake ya GamesTM. Chinaipha ndi intaneti, imene inkapereka ndemanga, zinsinsi ndi mavidiyo tsiku lomwelo, kwaulere.

Intaneti yomweyo ndi imene inaukitsa pulogalamuyi. Anthu amene anaijambula pa matepi a VHS ali ana anayamba kuika magawo ake pa YouTube, ndipo mbiri yake inakula kuposa mmene inalili ikutha. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa okonda GamesMaster amafulumira kunena kuti ndiyo inabala Twitch, imene inayamba mu 2011, ndi mipikisano yonse ya magemu ya lero. Si zoona. Ku America kunali kale Starcade mu 1982, pulogalamu ya mipikisano pa makina a magemu. Mipikisano yaukatswiri yeniyeni inakulira ku South Korea, kumene gemu ya StarCraft ya 1998 inadzaza malo ochitira intaneti ndipo wailesi ya kanema ya Ongamenet, yotsegulidwa mu 2000, inkaulutsa maligi ake. Anthu a ku Seoul sanaphunzire zimenezo kwa a Patrick Moore. Chimene GamesMaster inachita n'chocheperapo koma n'chenicheni: inatsimikizira wailesi yaikulu ya dziko lonse, kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kuti anthu mamiliyoni angaonere munthu wina akusewera, ndipo inaphunzitsa mbadwo umodzi wa ku Britain kalankhulidwe ka magemu kosakaniza chidziwitso ndi chipongwe. Kalankhulidwe kameneko kakumveka mwa ambiri amene anadzakhala olemba ndi oulutsa za magemu m'dzikomo. Mmodzi wa iwo ndi Robert Florence wa ku Glasgow, amene mu 2004 anayamba ndi anzake pulogalamu ya Consolevania yofalitsidwa pa intaneti, n'kudzapanga videoGaiden pa BBC Scotland.

Florence yemweyo ndiye anatsogolera GamesMaster itabwerera mu Novembala 2021, mothandizana ndi Frankie Ward, mayi woulutsa mipikisano ya magemu, ndi Ty Logan. Mpando wa a Moore unapatsidwa kwa a Trevor McDonald, obadwira ku Trinidad, amene kwa zaka zambiri ankawerenga nkhani za News at Ten pa ITV. Nzeru yake inali yomwe ija ya 1992, kutenga munthu wolemekezeka kwambiri m'dziko n'kumuveka chipewa cha loboti. Magawo anali atatu, ndipo ankayamba kuoneka pa YouTube asanaulutsidwe pa E4, wailesi ya achinyamata ya Channel 4. Ndalama zinachokera ku kampani ya Facebook, imene inali itangosintha dzina kukhala Meta, pofuna kutsatsa magalasi ake a Quest 2. Pulogalamu imene inataya wotsogolera wake mu 1993 chifukwa cha wotsatsa malonda inabwerera itanyamulidwa ndi wotsatsa malonda kuyambira pachiyambi. Inapangidwa mwachikondi, ndipo akazi tsopano anali ndi maikolofoni m'manja, koma panalibenso gemu imene woonera anali asanaione ikuyenda, kapena chinsinsi chimene sakanachipeza pa foni m'masekondi ochepa.

Diamond sanali nawo. Iye anasamukira ku Canada kumene anagwira ntchito pa mawailesi, ndipo amalemba za magemu mu nyuzipepala ya The Guardian. M'chaka chomwecho cha 2021 anali kalikiliki ndi buku la GamesMaster: The Oral History, lokonzedwa pamodzi ndi Jack Templeton, m'mene anthu ogwira ntchito pa pulogalamuyi, oulutsa, alendo ndi ena amene anapikisana ali ana akufotokoza okha zimene anaona. Mawu oyamba analemba ndi Robbie Williams, amene anabwera pa pulogalamuyi ali mnyamata wa gulu la Take That. Ndalama zosindikizira zinasonkhedwa pa Kickstarter ndi oonera akale aja, tsopano ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo kampani ya Read-Only Memory inalitulutsa mu 2022.